Anafufuta Timawindo Tanga

Lolemba m'mawa, ndisanatule n'komwe chikwama, Madamu anandiitana ndi chala. Moni panalibe, anangopinda chala kawiri ngati akuitana woperekera zakudya mu lesitilanti. Ndinadziwiratu kuti tsikulo lapita.

Madamu ndi akazi a mwini kampani imene ndimagwirako ntchito, komanso ndi mayi a mwamuna amene ndinkafuna kukwatirana naye. Maudindo awiriwa akakhala pa munthu mmodzi amene sakukufuna, umayenda monyang'ama tsiku lililonse. Mwana wawoyo tonse timamutchula kuti Kabwana, chifukwa ndiye amayang'anira makina omata tizipangizo pa mabolodi a zamagetsi, ndipo aliyense amadziwa kuti mpando wa bambo ake ukumudikira. Tinali titatha zaka ziwiri pa chibwenzi. Lamlungu la sabata imeneyo abale anga ankayenera kukakumana ndi makolo ake kuti tiyambe kukamba za ukwati. Tsiku la mkumanowo Madamu anali atalisuntha kale katatu, komaliza chifukwa makatani atsopano a pabalaza anali asanafike.

Ndinawapeza ataima pafupi ndi uvuni wautali umene mabolodi amadutsamo kuti atenthedwe. Makina onse anali atazimitsidwa, antchito ataunjikana. Pa tebulo panali mulu wa mabolodi obiriwira oyendetsera mapampu a madzi, omwe tinkapangira kampani ina yaikulu.

"Iwe mtsikana wa kompyuta, tabwera kuno," anatero Madamu. "Mabolodi folo handiredi ndi awa. Tasankhapo lililonse limene wakonda, uliyatse."

Ndinayatsa loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu kanyali kake kanangophethira kamodzi n'kuzimiratu.

Ndikuuzeni kaye za ntchito yanga, kuti mumve bwino pamene panandiwawa. Ine ndimajambula mabolodi pa kompyuta. Tizipangizo ta pa bolodi timamatidwa ndi phala la mtovu, limene likalowa mu uvuni limasungunuka n'kugwira timiyendo take. Phalalo silipakidwa mwachisawawa. Pamwamba pa bolodi amayalapo chitsulo chopyapyala chobooledwa, chimene timati sitensulo, ndipo phala limagwera pokhapo pamene pali bowo. Chojambula cha mabowo amenewo, chomwe timati masiki ya phala, chimachokera kwa ine. Mu pulogalamu muli batani limodzi, ukalidina limakupangira masiki yonse lokha, bowo lililonse lofanana ndi kabwalo ka mkuwa kamene kali pansi pake. Batanilo ndi lothandiza, koma nzeru lilibe. Pansi pa kachipangizo kakuda kamene timati kaubongo pali bwalo lalikulu la mkuwa. Ukalisiyira bowo limodzi lalikulu, phala limachuluka, kaubongo kamayandama pamwamba pake, timiyendo n'kungolendewera osagunda pansi. Choncho ine ndikadina batani lija, ndimafufuta bowo lalikululo n'kujambula pamanja timawindo naini. Ngakhale mutandidzutsa ndili ndi malungo, timawindo naini ndijambula.

Madala amene amayendetsa uvuni ananyamula sitensulo n'kuiloza ku kuwala. Anangondikodola ndi maso. Pamene pankayenera kukhala timawindo tanga panali bowo limodzi lalikulu lamakona anayi, lili yasa!

"Izi sindinajambule ine," ndinatero.

"Mwamva?" Madamu anatembenukira kwa antchito. "Sanajambule iye. Kompyuta ndi yake, fayilo ili ndi dzina lake, koma bowo ndi la mfiti."

"Madamu, ndinaika timawindo naini. Ndinationa ndi maso angawa."

"Ndiye tapita kuti? Tamera mapiko? Sukulu yonse ija unkangophunzira kuyankha akuluakulu basi?"

Pambali pawo panaima mtsikana amene amatumiza mafayilo kwa odula sitensulo ndiponso amalandira makasitomala. Ndi mwana wa mnzawo wapamtima wa Madamu. Ife timamutchula kuti Zikhadabo, poti zikhadabo zake ndi zazitali ndipo zimasintha mtundu sabata iliyonse. Sabata imeneyo zinali zofiira. Kuyambira tsiku limene anafika pa kampani, maso ake anali pa Kabwana, ndipo sankabisa.

"Ine ndimangotumiza zimene ndapatsidwa, Madamu," anatero ndi kamawu kozuna ngati wadzoza uchi pakhosi.

"Ndikudziwa, mwana wanga, iwe ulibe mlandu." Kenako anabwerera kwa ine. "A kampani ya mapampu akubwera mawa teni koloko. Akufuna kalata yonena chimene chinalakwika ndi dzina la wolakwitsayo. Nanga za Lamlungu zija, kaya. Munthu wokanika kuyang'anira bowo limodzi angayang'anire nyumba?"

Ena anaseka mobisa. Ine ndinayang'ana Kabwana, amene anaima masitepe atatu okha kuchokera pamene ndinali. Sindinkafuna kuti amenyane ndi mayi ake. Ndinkangofuna mawu ochepa, akuti, "Amayi, tifufuze kaye." Koma mwamuna wamtali ngati chitseko uja anali atazyolika, akuphunzira nsapato zake.

*

Ndisanakhale n'komwe pa mpando wanga, foni inanjenjemera. Anali Kabwana.

"Pepa, Injiniya wanga. Usawayankhe. Mtima ukawatsika tikambirana."

Ndinalemba kuti, "Unali pomwepo."

"Ukudziwa mmene amayi alili."

"Lero ndadziwanso mmene iwe ulili."

Anatumiza kankhope kolira. Ndinatsonya mokweza moti mnzanga wa tebulo la pafupi anacheuka. Kankhope! Anthu andiseka pagulu, iye akundilipira ndi kankhope kachikasu. Foniyo ndinaigadabuza n'kutsegula kompyuta.

Ndinatsegula fayilo ya masiki. Timawindo tanga munalibedi. Kwa kamphindi ndinayamba kudzikayikira. Kodi ndinaiwala? Kodi chikondi chandizunguza mutu mpaka kufika apa? Kenako ndinayang'ana tsiku limene fayiloyo inasungidwa komaliza. Lachinayi, 2:17 masana.

Lachinayi masana ine ndinali kuchipatala. Ndinapempha chilolezo kuti ndiperekeze achemwali anga, amene ali ndi pakati, ndipo tinakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka folo koloko. Mafayilo onse ndinali nditamaliza Lachitatu n'kumusiyira Zikhadabo.

Nditayang'anitsitsa bolodi lonse, ndinaona kuti bowo limodzi la sikuluwu, la pakona, lasuntha mamilimita awiri. Munthu wina anakhala pa mpando wangawu, anasuntha bowolo, kenako anadina batani lija kuti mafayilo onse apangidwenso. Batani linachita zimene limadziwa, linasesa zonse zimene ndinajambula pamanja.

Ndinadzuka mwaukali moti mpando unagwa chagada.

*

Zikhadabo ndinampeza m'kachipinda komwera tiyi, akutakasa kapu ndi supuni imene anaigwira ndi tizala tiwiri.

"Lachinayi masana unali kuti?" ndinamufunsa.

"Moni kaye, Injiniya. Kwanu sapereka moni?"

"Moni ndikupatsa ukandiyankha. Unakhudza kompyuta yanga?"

Anaseka n'kutambasula dzanja patsogolo panga. "Ine? Ndi zala izi? Ndingadziwe podina ine? Aliyense ndi ntchito yake, mayi."

"Mafayilo amene unatumiza kwa odula sitensulo si amene ndinakusiyira Lachitatu."

"Zoona, si amenewo."

Anavomera mosavuta kwambiri. Anamwako tiyi pang'ono, akundiyang'ana pamwamba pa kapu.

"Atsopano anabwera Lachinayi. Anandibweretsera pa fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo kaja, n'kukhala pa tebulo langa mwendo uli lende, n'kundiuza kuti akale aja nditaye. Tinamwanso tiyi limodzi. Amathira shuga masupuni atatu, umadziwa?"

"Ukunena ndani?"

"Aa, Injiniya. Pasiwedi ya kompyuta yako unaipereka kwa amuna angati? Ngati ndi ambiri, imeneyo ndi nkhani ina."

Pasiwedi yanga inkadziwika ndi anthu awiri pa dziko lonse lapansi, ndipo mmodzi ndine. Ndinkafunitsitsa kuti akhale akunama. Ndinalowa m'kachipinda kaja nditakonzeka kumuzula zikhadabo chimodzichimodzi, koma tsopano ndinali nditasowa pogwira.

"Ngati unkadziwa, bwanji sunanene m'mawa muja?"

"Anandifunsa ndani? Komanso ine mwamuna sindimuyalutsa pagulu. Amayi anandilera bwino." Anatsuka supuni yake mosamala n'kuipukuta. "Iwe ndi wanzeru kwambiri, aliyense amanena. Koma mwamuna safuna mphunzitsi panyumba. Tiyi alimo m'fulasikimo ngati ukufuna."

Anatuluka akugwedeza chiuno, fungo la mafuta ake n'kutsala nane m'chipindamo. Kapu imene inali pafupi inapulumuka chifukwa inali ya Madala a pa uvuni, ndipo Madala sanandilakwire.

*

Nthawi ya chakudya chamasana ndinamulembera mawu awiri okha: "Kuseri. Pompano."

Kuseri kwa kampani kuli chimakina chopopa mpweya chimene chimalira tsiku lonse. Kumeneko n'kumene tinkabisala chibwenzi chitangoyamba, poti palibe angamve zimene mukukamba. Anabwera akukokera miyendo. Nditangoona nkhope yake, yankho ndinalipeza ndisanafunse.

"Ndiuze kuti mtsikana uja akunama," ndinatero.

Anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale anali ouma. "Unali kuchipatala ndi achemwali. A mapampu anaimba foni, akuti bowo la sikuluwu lisunthe pang'ono, apo ayi bolodi silikwana m'bokosi lawo. Amayi anati ndikuimbire ubwere nthawi yomweyo. Ine ndinaona kuti si bwino kuti uwasiye achemwali okha pa mzere. Ndakuonerera kambirimbiri ukugwira ntchito, ndiye ndinati izi ndi zazing'ono. Ndinasuntha bowo, ndinadina batani lija, zonse zinatuluka bwinobwino."

"Wandionerera kambirimbiri. Chabwino. Ndikadina batani lija, kenako ndimatani?"

Ndinamuyankhira ndekha.

"Ndimakhala mphindi twente ndikujambula, iwe uli kumbuyo kwanga ukuseweretsa tsitsi langa. Unkayesa ndikuluka nsalu ya pa tebulo?"

"Ndinkayang'ana iwe, osati kompyuta."

Tsiku lina lililonse mawu amenewo akanandisangalatsa. Tsiku limenelo ndinalakalaka nditamumenya ndi sitensulo pamutu.

"Usandinyengerere! Za kulakwitsa sindikukuimba mlandu. Ngakhale ine ndinawonongapo mabolodi ndikuyamba ntchito. Ukanabwera n'kundiuza, ndikanakukalipira, kenako tikanajambula limodzi timawindo tina. Chikundiwawa n'chakuti unaima pomwepo! Mayi ako akundinyogodola pamaso pa anthu amene ndimawalangiza ntchito, akundifunsa ngati ndingasunge nyumba, iwe ukudziwa amene anadina batani!"

"Sindinkadziwa kuti vuto ndi limenelo mpaka Madala atanyamula sitensulo. Nditaona bowo lija, mawu anandithawa."

"Anathawira ku nsapato? N'chifukwa chake unkawafunafuna kumeneko?"

"Injiniya, tamvera kaye." Anayesa kundigwira dzanja, ndinalikoka. "Ukukumbukira chaka chatha nditaiwala kutsitsa moto wa uvuni? Bambo anandiuza maso ndi maso kuti ndikadzalakwitsanso kamodzi kokha, makina onse awapereka kwa msuweni wanga. Lachisanu lino ndi pamene akukalengeza kuti ndine manejala. Zaka sikisi ndakhala ndikudikira tsiku limeneli. Tingolola Lachisanu lidutse, kenako ndinena zonse."

"A mapampu akubwera mawa, osati Loweruka. Pa kalata ija palembedwa dzina. Lako likudikira Lachisanu, nanga langa lilibe ntchito?"

Chimakina chija chinapuma pang'ono, ndipo mawu anga omalizawo anamveka mpaka ku mpanda. Tonse tinacheuka. Kenako chinayambanso kulira.

"Ndikawauza amayi madzulo ano," anatero motsitsa. "Ndalumbira."

"Musalumbire, achimwene. Kangoneneni."

"Iii, mpaka ndasanduka achimwene?"

"Mpaka mutakumbukira kumene munasiya pakamwa panu."

Ndinamusiya pomwepo. Misozi inali italengeza, koma ndinaimeza, chifukwa sindinafune kuti Zikhadabo aione pa windo n'kuinyadira.

*

Nditaweruka ndinapita molunjika kwa achemwali. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mapazi otupa ali m'beseni la madzi, akusoka mpendero wa diresi limene ankafuna kudzavala Lamlungu. Ndinawafotokozera zonse ndikuyendayenda, manja ali m'mwamba.

"Takhala pansi, ukundizunguza mutu," anatero. "Ndiye ukuti mimba yangayi yalowanso m'nkhani ya mabowo anuwo? Mwanayu asanabadwe wawononga kale mabolodi folo handiredi? Adzakhala woopsa."

"Achemwali, si zoseka."

"Ndikudziwa kuti si zoseka. Koma tayankha, anasunthiranji bowolo?"

"Kuti ndisakusiyeni nokha kuchipatala."

"Ehe. Ndiye mtima ali nawo. Chimene alibe ndi msana." Analuma ulusi n'kuudula. "Mlamu wangayo ndi munthu wabwino, koma mayi ake anamukhala pakhosi. Ndinaona tsiku lija anabwera kuno, foni ya amayi ake itangolira anaimirira, ngati akumuona."

"Ndiye nditani?"

"Umamukondabe?"

"Ndimamukonda. N'chimene chikundipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala munthu wamba, bwenzi nditasindikiza kale tsiku ndi nthawi ya fayilo ija n'kukamata pa chitseko cha Madamu. Umboni ndili nawo mu kompyuta. Koma ndikautulutsa ine, ndamugwetsa ndi manja angawa, ndipo bambo ake sadzamukhululukira. Ndikufuna anene yekha."

"Ndiye mudikire anene yekha. Koma mvetsera, mng'ono wanga. Ine ndinasiya sukulu kuti iwe umalize yako. Ndinkachapa zovala za anthu iwe ukuwerenga za mawaya. Mwamuna ndi wako, uchite naye zimene ukufuna, koma dzina limene unalipeza ndi mabuku aja tinalivutikira awiri. Usakalipereke ngati chenje cha m'basi."

Ndinakhala pansi pa simenti n'kutsamira bondo lawo ngati kale. Dzuwa lisanalowe, foni inanjenjemera.

"Ndawauza zonse. Akuti ubwere ku ofesi kwawo mawa eyiti koloko. Sanakalipe n'komwe. Zikhala bwino, Injiniya wanga."

Ndinawerenga katatu, kenako ndinawapatsa achemwali. Ukali wonse uja unayamba kusungunuka, ndipo ndinadzigwira ndikumwetulira ngati chitsiru.

"Waona?" ndinatero. "Msana ulipo."

Achemwali anabweza foniyo pang'onopang'ono. "Mayi aja osakalipa? Ine ndiye zikundiopsa zimenezo."

*

Lachiwiri eyiti koloko ndinagogoda pa chitseko cha ofesi ya Madamu. Mkati munali kapeti yofiirira, tebulo lalikulu lonyezimira, ndi chithunzi cha Kabwana ali mwana atavala tayi. Mwini chithunziyo anaima pafupi ndi windo, maso atatupa ngati munthu amene sanagone.

"Lowa, mwana wanga. Khala apa."

Ndinacheuka kuona ngati Zikhadabo ali kumbuyo kwanga. Panalibe munthu. Zaka ziwiri zonsezi ndinali mtsikana wa kompyuta, lero ndasanduka mwana wawo. Anandithirira tiyi ndi dzanja lawo.

"Wandiuza zonse," anatero. "Ndipo usaganize kuti ndinadabwa. Mwanayu ndinabereka ndine. Kuyambira ali wamng'ono, akaswa mbale ankayang'ana pansi. Dzulo nditangomuona ndinadziwa."

"Munadziwa? Munadziwa, koma munapitiriza kundilalatira pamaso pa anthu?"

"Unkafuna ndilalatire mwana wanga pamaso pa antchito ake? Taganiza ngati munthu wamkulu." Anatsegula diloo ya tebulo lawo n'kutulutsa pepala lotayipa kale, n'kuliika patsogolo panga pamodzi ndi cholembera. "Iyi ndi kalata ya a mapampu. Ikunena kuti wojambula anaiwala kugawa bowo la pa masiki. Pansipa pakufunika dzina ndi siginecha. Ukasaina, ntchito yako palibe aikhudze. Lamlungu abale ako abwere, ndiwalandira ndi manja awiri, ndipo tsiku la ukwati musankha nokha. Sindidzasunthanso kanthu."

Ndinayang'ana pepalalo. Linali lolembedwa bwino, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi kupatula bodza lenilenilo.

"Madamu, makampani opanga mabolodi mu mzinda muno alipo atatu, ndipo tonse timadziwana. Kugawa bowo la pansi pa kaubongo ndi chinthu chimene munthu amaphunzira chaka choyamba. Ndikasaina apa, a mapampu sadzalolanso kuti ndikhudze bolodi lawo, ndipo pofika Lachisanu aliyense adziwa kuti ine ndine uja sadziwa ntchito yake."

"Ukakwatiwa m'banja muno, makampani enawo ukuwafuniranji?"

"Ndiye mukundigula?"

"Ndikukuyesa." Mawu awo anauma. "Mkazi amaphimba mwamuna wake. Ine zaka sate ndakhala ndikuphimba bambo a mwanayu, ndipo kampani imene imakudyetsayi yaima chifukwa cha zimenezo. Umati umamukonda. Chikondi cha pakamwa ndachimva chokwanira, lero ndikufuna kuchiona pa pepala."

Ndinatembenukira ku windo. "Iwe ukuti bwanji?"

Kabwana anabwera n'kugwada pafupi ndi mpando wanga, n'kulankhula monong'ona ngati mayi ake sakumva.

"Ndinayesetsa, Injiniya. Ndinawauza kuti ndikanena kwa bambo, anakana. Koma taona, avomera za ife. Chimene takhala tikulirira zaka ziwiri chili pa tebulopa. Ndi pepala chabe. Tingosaina, Lamlungu lichitike, ndikakhala manejala ndidzakonza zonse."

"Tingosaina? Tisaina tonse? Apa pali mzere umodzi."

"Ukudziwa zimene ndikutanthauza."

Ndinkadziwadi, ndipo zinandipweteka kuposa zonse zimene mayi ake analankhula dzulo lake. Madamu sanandilonjezepo chilichonse chiyambire. Koma uyu ndi munthu amene ankandiuza kuti chimene anayamba kukonda mwa ine ndi mmene ndimaumira gwa ntchito ikakhala yolakwika. Tsopano anali pa mawondo, osati kupempha dzanja langa, koma kupempha dzina langa kuti afunde.

Ndinaimirira, tiyi n'kutayikira pa tebulo lonyezimira lija. Ndinatenga cholembera, ndinamukoka Kabwana kuti aimirire, ndinatsegula dzanja lake n'kumufumbatitsa.

"Ine sindisaina. Ndipo umboni ndili nawo, koma sindiutulutsa, chifukwa sindinabwere kudzakugwetsa. Lemba wekha dzina la munthu amene anadina batani. Ukalemba lako, Lamlungu ndibwera, kaya mayi ako afune kaya asafune. Bambo ako akakuchotsa, tikakhala m'kachipinda kamodzi, ndidzakusunga ine mpaka utapeza ina, ndipo sindidzakunyoza tsiku ndi limodzi lomwe. Ngati ukufuna langa, ulilembe ndi dzanja lakolo, ine ndikuona."

"Iwe mtsikana, m'nyumba mwa ndani ukulamula?" Madamu anamenya tebulo.

"Sindikulamula, Madamu. Ndikufunsa mwamuna wanga funso, ndipo ayankhe yekha kamodzi kokha pa moyo wake!"

Kabwana anayang'ana pepala, anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Anawerama, anakokera pepalalo kwa iye, ndipo nsonga ya cholembera inagunda pa mzere. Ndinaona dzanja lake likuyamba kupinda chilembo, ndipo chilembocho sichinali choyamba cha dzina langa. Mtima wanga unalumpha.

Pomwepo chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Analowa Zikhadabo, mafayilo ali pachifuwa, nkhope ili yachisoni ngati wabwera kudzapepesa maliro. Munthu sankafunika kuuzidwa kuti khutu lake linali pa chitseko kuyambira pachiyambi.

"Pepani kulowerera, Madamu," anatero. "Mafayilo aja ndinatumiza ndine, ndipo sindinawatsegule kuti ndione. Tingosintha mzere umodzi pa kalatapo, tinene kuti ndinatumiza fayilo yolakwika. Ngati pakufunika dzina, langa lilipo. Ine sindingaime n'kumaonerera mwamuna akutaya tsogolo lake chifukwa cha pepala."

Nkhope ya Madamu inawala ngati ayatsa getsi mkati. Anazungulira tebulo n'kukamugwira mtsikanayo paphewa.

"Wamva, mwana wanga?" anauza Kabwana. "Wina wakupatsa cholembera, wina wakupatsa dzina lake. Lamlungu chakudya chiphikidwabe kwathu. Tingoona kuti amene abwere ndi abale a ndani."

Zikhadabo anaika mafayilo pansi n'kutambasula dzanja kwa Kabwana, chikhatho chili m'mwamba, kudikira cholembera.

Ndinamuitana Kabwana kamodzi, motsitsa, mmene ndimamuitanira tikakhala awiri. Sanandiyang'ane. Anatsinzina, ndipo ndinaona zala zake zikumasuka pa cholembera chija, chala chimodzi ndi chimodzi.